Amayi atuluka mashingozi, mlamu wabwera ndi mafuta azitsamba

Nachisale: Odi pagulu pano, ndikupempha nzeru. Amayi anga kumudzi ku Ntcheu atuluka mashingozi, kuyambira pansi pa bere lakumanzere kuzungulira mpaka kumsana. Ululu unayamba Lachisanu, tonse tinkayesa chibayo, koma matuza aoneka dzulo madzulo. Usiku sanaone tulo, akuti zili ngati munthu wawathira makala m'nthiti. Mlamu wanga wabwera ndi kabotolo ka mafuta kogula kwa mayi wina wazitsamba, akuti muli nimu, alovera ndi zina zomwe mwiniwake saulula, ndipo amapha kachilomboko m'masiku atatu. Ndiwalole apake, kapena nditumize ndalama ya kabaza apite kuchipatala?

Sisita Tiyamike: Pepani asisi. Tumizani ya kabazayo lero lomwe, mafutawo adikire kaye. Matuza aoneka dzulo, ndiye nthawi ilipo. Mankhwala a mashingozi ndi acyclovir, ndipo amagwira bwino akayambidwa pasanathe maola 72 chitulukireni matuza. Amayi ali ndi zaka zingati? Nanga matuza afika kumaso?

Nachisale: Ali ndi zaka 68. Kumaso ayi, ndi m'nthiti mokha.

Chiko wa ku Joni: Muonetsetse kuti lamba ameneyo asakumane kutsogolo ndi kumbuyo. Agogo anga ankati akangokumana, ukhoza kumagula matabwa.

Sisita Tiyamike: Achimwene, musamuopseze mnzathu. Kachilomboka kamatsata mtsempha umodzi wochokera kumsana, ndipo mtsempha umenewo umalekeza pakati pa thupi. N'chifukwa chake matuza amakhala mbali imodzi. Akatuluka mbali zonse kapena thupi lonse, pamenepo ndiye kuti chitetezo chatsika kwambiri, munthuyo athamangire kuchipatala. Za lamba kukumanazo ndi nthano.

Aphunzitsi Kamanga: Ndalonjera nonse. Kuchipatala apite, sindikukana. Koma ine chimandipweteka ndi kathamangidwe kathu konyoza mitengo. Kwinini adachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona. LA amene timamwa tikadwala malungo, gawo lake lina lidachokera ku chomera cha ku China, ndipo mayi Tu Youyou adalandira nacho mphoto ya Nobel mu 2015. Ndiye chomera chikakhala cha ku China ndi sayansi, chikakhala cha ku Ntcheu ndi umbuli? Ine ndidawerenga kuti akatswiri adapeza kale zomera zopha kachilombo ka katsabola. Mwina makampani akubisa chifukwa mulibe ndalama.

Madalitso wa ku Famase: Aphunzitsi, za kwinini ndi LA mwanena zoona, palibe angatsutse. Koma tiyambe ndi amayiwa. Akafika kuchipatala mwina awapatsa acyclovir wa 800 mg, kasanu pa tsiku, kwa masiku 7. Kasanu, osati katatu. Anthu ambiri amalephera pamenepa, amamwa ngati panado. Azimwa madzi ambiri chifukwa mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso, ndipo ngati ali ndi vuto la impso akauze adokotala kuti achepetse mlingo. Pali wina, valacyclovir, womwa katatu pa tsiku, koma ndi wodula ndipo sapezekapezeka.

Nachisale: Ndatumiza ndalama, anyamuka. Koma funso la aphunzitsi landigwira. Zomera zimenezo ziliko?

Yamikani: Ndilowepo pang'ono, poti nkhani ya labotale ndiye nsima yanga. Ziliko, aphunzitsi sananame. Kachilomboka dzina lake ndi varicella-zoster, ndi kamodzi komweko koyambitsa katsabola ndi mashingozi. Mwana akachira katsabola sikatuluka m'thupi, kamakabisala m'timfundo ta mitsempha pafupi ndi msana, n'kugona zaka makumimakumi. Chitetezo chikafooka chifukwa cha ukalamba, HIV, khansa kapena mankhwala ena, kamadzuka n'kuyenda mumtsempha mpaka pakhungu. Ofufuza adayesadi timadzi ta zomera pa kachilombo kameneka. Tiwiri totchuka: glycyrrhizin wochokera ku mizu yotsekemera ya liquorice, amene ofufuza a ku Japan adaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti amalepheretsa kachilomboka kuswana, ndi resveratrol wopezeka m'makoko a mphesa ndi mu mtedza, amene adaonetsanso zomwezo m'zaka za m'ma 2000.

Aphunzitsi Kamanga: Mwamva? Mtedza womwewu wa ku Mchinji.

Yamikani: Dikirani aphunzitsi, sindinamalize kkkk. Zonsezi zidachitikira m'kambale ka galasi. Umatenga maselo a munthu, n'kuwalera m'kambale, n'kuikamo kachilombo, n'kuthira mankhwala mwachindunji. M'kambale mulibe m'mimba, mulibe chiwindi, mulibe impso. Resveratrol mukamumwa, matumbo ndi chiwindi zimamusintha mwachangu, wofika m'magazi ali momwe analili amakhala wochepetsetsa. Mungatafune thumba lonse la mtedza, mlingo wa m'kambale uja osaufikira. Komanso m'kambale zinthu zambiri zimapha tizilombo. Jiki amapha. Sopo amapha. Funso lenileni ndi lakuti: kodi chinthucho chingafike kumtsempha kumene kachilomboko kali, pa mlingo wokwanira, munthu osavulala?

Chiko wa ku Joni: Ndiye kuti vinyo wofiira ndi mankhwala a mashingozi. Zikomo adokotala, ndapita.

Admin Mbewe: Chiko khala pansi.

Madalitso wa ku Famase: Za liquorice ndionjezepo chenjezo. Glycyrrhizin wambiri amakweza BP ndi kutsitsa potaziyamu m'magazi, mpaka mtima kugunda mosokonekera. Gogo wa zaka 68, mwina wa BP kale, si munthu womupatsa tiyi wa liquorice tsiku ndi tsiku.

Aphunzitsi Kamanga: Chabwino. Nanga bwanji osapitiriza kafukufukuyo mpaka pa anthu? Apa ndi pamene ine ndikuti pali kubisa.

Yamikani: Ndalama ndi gawo limodzi, sindikana. Chomera chomwe aliyense angadzale kuseri kwa nyumba, kampani sifulumira kuchitayira mamiliyoni. Koma pali vuto lina limene anthu salidziwa. Kachilomboka ndi kosankha, kamakonda munthu yekha. Mbewa wamba sidwala katsabola. Ofufuza amachita kusokerera kachidutswa ka khungu la munthu pa mbewa yopanda chitetezo kuti aone mmene kamaswanirana. M'kambale namonso kamamatirira m'maselo, sikatuluka kambiri ngati achibale ake oyambitsa zilonda zapamilomo. N'chifukwa chake kafukufuku wambiri wa zitsamba amachitika pa achibale akewo, herpes simplex, kenako wogulitsa amangoti "amapha herpes", ogula n'kumayesa ndi mashingozi omwe. Ndi apachibale, koma si amodzi. Mafuta a chitsamba cha lemon balm, mwachitsanzo, adayesedwa ku Germany pa zilonda zapamilomo. Umboni umenewo sungausamutsire pa nthiti za agogo.

Ndipo kuyesa pa anthu kumavuta chifukwa matendawa amapola okha. Katsabola wa mwana amauma pakatha sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Matuza a mashingozi amapola pakati pa masabata awiri ndi anayi, upake kanthu kapena usapake. Ndiye mayi wa mafuta uja sadzasowa mboni. Aliyense amene adapaka adachira.

Mayi a Thoko: Moni kuchokera ku Leeds. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, mashingozi timawaona pafupipafupi. Chimene sichikutchulidwa pano ndi ululu wotsalira. Matuza amapola, khungu n'kusalala, koma gogo amalirabe miyezi, ena zaka. Malaya okha kukhudza pamalopo amakuwa. Pamenepo ndi pomwe ndidaona mankhwala ochokera ku chomera akugwiritsidwa ntchito ndi madokotala enieni, ndipo mukaseka: tsabola.

Chiko wa ku Joni: Katsabola achizidwe ndi tsabola? Amene adatcha dzinali anali mneneri.

Madalitso wa ku Famase: Kkkk koma ndi zoona. Chimene chimawawa mu kambuzi dzina lake capsaicin. Pali mafuta opaka okhala ndi capsaicin wochepa, 0.075%, ndipo pali chigamba chomata champhamvu cha 8%, Qutenza, chimene ku America adachivomereza mu 2009 pa ululu wotsalira wa mashingozi. Amachimata kuchipatala kwa ola limodzi, wachipatala atavala magolovesi, ndipo mpumulo wake umatha kufika miyezi itatu. Kagwiridwe kake: capsaicin amakodola nsonga za mitsempha yomva kutentha mpaka zitatopa, n'kukhala chete kwa kanthawi. David Julius adagwiritsa ntchito capsaicin yemweyu kupeza kachitseko kam'mitsempha komva kutentha, n'kulandira Nobel mu 2021. Koma mvetsetsani: tsabola sapha kachilomboko ngakhale pang'ono. Amangogonetsa mtsempha wovulala. Ndipo ndi wa pakhungu lopola lokha. Wina asakasinje kambuzi n'kupaka pamatuza a gogo, tidzamva kukuwa tili ku Lilongwe.

Aphunzitsi Kamanga: Komabe ndi chomera. Chigoli chimodzi kwa ine.

Madalitso wa ku Famase: Landirani, ndipo ndikupatsani chachiwiri chaulere. Katemera wa mashingozi wotchedwa Shingrix, amene adavomerezedwa mu 2017, amateteza anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo ndi mphamvu yoposa 90 pa 100. Mkati mwake muli QS-21, wochokera ku khungwa la mtengo wa ku Chile wotchedwa Quillaja saponaria. Anthu akumeneko ankachapira khungwali chifukwa limachita thovu ngati sopo. Mu katemera ntchito yake ndi kudzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chione bwino mdani. QS-21 yemweyo ali mu katemera wa malungo wa RTS,S amene dziko lathu lidakhala loyamba kuyamba kupereka kwa ana mu Epulo 2019. Ana ambiri kuno ali ndi khungwa la ku Chile m'thupi osadziwa.

Mayi a Thoko: Shingrix ameneyo kuno amabaya okalamba ulere, majakisoni awiri. Mkono umawawa masiku angapo, ena amamva ngati malungo, koma amene adaonapo mnzawo akuvutika ndi mashingozi sakana.

Nachisale: Kwathu kuno aliko?

Sisita Tiyamike: Pa ndondomeko ya katemera wa boma palibe, wa mashingozi ngakhale wa katsabola. Wa katsabola ndi wakale ndithu, adapangidwa ku Japan ndi Michiaki Takahashi m'ma 1970, ku America adayamba kubaya ana mu 1995, koma kuno ana athu amangodwala n'kuchira.

Aphunzitsi Kamanga: Ndiye ngati katemera kulibe, acyclovir nayenso nthawi zina kuchipatala amati watha kagule, munthu wakumudzi atani? Mukamutsekera zitsamba mwamusiya manja lende. Ine mchemwali wanga adadwala mu 2016, adabwerako ndi panado yekha.

Sisita Tiyamike: Aphunzitsi, apa mwagunda pachilonda, ndipo sindikutsutsani. Ine ndagwirapo malo amene shelefu imakhala yopanda kanthu mwezi wathunthu. Anamwino osamalira odwala matenda osachiritsika ku Uganda akhala akupaka mkaka wa mtengo wa frangipani pa mashingozi kuti ululu uzizire, ndipo ena kuno adatengera. Amati umathandiza. Koma iwo omwe sanena kuti umapha kachilombo, ndipo sayandikitsa kumaso. Chimene ine ndimaopa ndi zimene ndaziona ndi maso anga: utomoni wa nkhadze wopakidwa pamatuza khungu mpaka kusupuka, phulusa, mafuta a galimoto, ndowe. Chilonda chimene chikadapola chokha chimalowa mafinya. Choopsa koposa ndi mashingozi apamphumi. Matuza akafika pansonga ya mphuno, diso lili pangozi. Munthu akadonthezeramo madzi a masamba, diso limene tikadalipulumutsa limayera mpaka kalekale.

Yamikani: Pa funso la aphunzitsi, dziko limene lidachitapo kanthu ndi Thailand. Ali ndi chomera chawo, Clinacanthus nutans, iwo amati phaya yo. Asing'anga akumeneko ankapaka pa mashingozi kuyambira kale. M'malo mokangana ngati ife pano, m'zaka za m'ma 1990 adapanga mafuta a mlingo wodziwika, n'kuyesa pa odwala: ena mafuta enieni, ena mafuta opanda kanthu. Adapeza kuti matuza amauma msanga mwa amene adapaka enieniwo, ndipo boma lawo lidaika mafutawo pa mndandanda wa mankhwala ofunika. Kafukufukuyo sanali wamkulu, ndipo sadalowe m'malo mwa acyclovir kwa wodwala kwambiri. Koma njira yake ndi imeneyo. Nimu wathu, chammwamba chathu, palibe amene waonetsa mwa njira imeneyi kuti zimachiza mashingozi.

Aphunzitsi Kamanga: Ndiye vuto si mtengo, vuto ndi ife osayesa.

Yamikani: Mwina. Kapena tikayesa tidzapeza kuti sugwira. Ziwiri zonsezi n'zotheka, ndipo woyesa ayenera kulolera kumva yankho limene sakulifuna. Zomera zambiri zimene zimawala m'kambale zimathera pomwepo.

Madalitso wa ku Famase: Chimene chimapangitsa acyclovir kukhala wovuta kumuposa ndi kuchenjera kwake. Akalowa m'thupi amakhala ngati wagona. Amene amamudzutsa ndi kachilombo komweko, ndi chida chake chotchedwa thymidine kinase. Ndiye amadzuka m'maselo odwala okha, n'kudzilowetsa mu DNA ya kachilombo ngati njerwa yabodza, khoma n'kulekera pomwepo. Maselo abwino amawasiya. Adatulukira m'ma 1970 ku kampani ya Burroughs Wellcome, ndipo Gertrude Elion, amene gulu lake lidafotokoza kagwiridwe kameneka, adalandira Nobel mu 1988. Chomera chofuna kumulanda malo chiyenera kusankha chotero. Si zosatheka. Ku America mu 2006 adavomereza mafuta ochokera ku masamba a tiyi wobiriwira ochizira njerewere zakumaliseche, zimenenso zimayamba ndi kachilombo. Koma adadutsa m'mayeso onse, ndipo chubu chilichonse chili ndi mlingo wofanana. Kabotolo ka mlamu kaja, ka lero ndi ka mawa sitingafanane, ndipo mwiniwake akukana kunena zili mkati.

Nachisale: Pepani ndikudulani. Kunyumbako kuli adzukulu atatu, wamng'ono ali ndi miyezi inayi, komanso mlamu yemweyo ndi woyembekezera. Angatengere?

Sisita Tiyamike: Funso lofunika kuposa onse amene tafunsana. Mashingozi sapatsirana ngati mashingozi, koma madzi a m'matuza angapatse katsabola munthu amene sanadwalepo. Mlamu asiye kupaka kapena kuchapa zovala za amayi ngati sakudziwa kuti adadwalapo katsabola ali mwana, ndipo akanene kusikelo. Katsabola kwa mayi wapakati amatha kulowa m'mapapo, komanso kuvulaza mwana. Khandalo lisagone ndi agogo mpaka matuza onse atachita nkhanambo. Aphimbe ndi nsalu yoyera yopepuka, asambe m'manja. Ana akatengera, zimaoneka pakati pa masiku 10 ndi 21.

Madalitso wa ku Famase: Ndipo akatuluka katsabola anawo, panado yekha. Aspirin ayi, mankhwala ena okhala ndi aspirin ayi. Aspirin kwa mwana wa katsabola angayambitse matenda a Reye, otupitsa chiwindi ndi ubongo. Aphunzitsi, nayenso aspirin mbiri yake imayambira ku khungwa la mtengo wa willow, ndiye zitsamba zokhala ndi khungwa limenelo n'zoletsedwanso kwa mwana wotero. Brufen naye apewedwe. Kalamaini pakhungu, zikhadabo ziwengedwe, madzi ambiri.

Aphunzitsi Kamanga: Chigoli chimenecho ndachikana, ndi cha m'golo langa lomwe.

Chiko wa ku Joni: Ife tili ana ankatisambitsa madzi a masamba a nimu, tinachira bwinobwino.

Sisita Tiyamike: Mukadachira ngakhale akadakusambitsani madzi a pamjigo. Kusamba madzi ofunda pang'ono kumaziziritsa kuyabwa, ine sindilimbana ndi mayi wosambitsa mwana nimu. Ndimalimbana ndi womwetsa khanda mafuta a nimu, amenewo ndi poizoni kwa ana aang'ono. Ndimalimbananso ndi wokhala pakhomo mwana akupuma movutikira, akuwodzera modabwitsa, kapena zilonda zitafiira n'kutupa.

Asisi Nachisale, china ndinene poyera poti pagulu pano tonse ndi akuluakulu. Kuchipatala akawapempha amayi kuyezetsa HIV, asakhumudwe. Timapempha aliyense wa mashingozi. Kwa munthu wa zaka 68 ukalamba wokha ndi chifukwa chokwanira, koma kwa wa zaka 25 kapena 30 mashingozi nthawi zambiri ndi belu loyamba. M'zaka za m'ma 1990 tidaona achinyamata ambiri a zipsera zam'nthiti. Amene amathera kwa wazitsamba amaphonya kuyezetsa kumeneku, ndipo kwa ine imeneyo ndiyo ngozi yaikulu ya kabotolo, kuposa zimene zili mkatimo.

Admin Mbewe: Uthenga wa Sisitawu ndaupachika pamwamba. Amene mwanditumizira kumbali nambala ya wogulitsa mafuta kuti ndiike pano, sindiika.

Nachisale: Abwerako. Awapatsa acyclovir wa masiku atatu okha, akuti wotsalayo tikagule, ndi mapiritsi ena aululu omwa usiku. Ayezedwanso magazi ndi shuga, zonse zili bwino. Achimwene a Madalitso, ndikulemberani kumbali mundiuze mtengo, mawa m'mawa ndikatumize pa minibasi.

Madalitso wa ku Famase: Lemberani. Mutumize msanga asadumphitse tsiku. Ausikuwo ngati ndi amitriptyline, amagonetsa ndi kuchititsa chizungulire, azidzuka pang'onopang'ono.

Nachisale: Mlamu wakwiya, akuti ndalama yake ya mafuta yapita pachabe. Amayi akuti awasungire, adzapaka kumapazi kukang'aluka mu Okutobala.

Aphunzitsi Kamanga: Achire msanga mayi athu. Yamikani, dzina la chomera cha ku Thailand chija undilemberenso bwinobwino. Ndikufuna ndifunse ngati chingamere ku Zomba.

Yamikani: Clinacanthus nutans. Koma aphunzitsi, mukadzala musayambe kugulitsa m'mabotolo.

Aphunzitsi Kamanga: Ndidzayamba ndayesa pa Chiko.